Misozi Yogulitsira Mphete

Tsiku limene Munira anakumana ndi Tawakali, n'kuti akulira.

Panali pa Park Station, pokwerera mabasi a ku Malawi. Mkulu wake Sumaya, yemwe anamubweretsa ku Joni kuchokera kwawo ku Ntaja, ankabwerera kumudzi kosadzabweranso. Basi itayamba kusuntha, Sumaya anatulutsa dzanja pawindo. Munira anangoti chilili pakati pa zikwama ndi anyamata okankha matirole, misozi ili chuchuchu.

Anthu ambiri tikamalira timanyansa, tisanamizane. Nkhope imachita makwinya, mamina nawo osafuna kutsalira. Koma Munira anali ndi kaliridwe kakekake. Nkhope yake siinkasintha. Maso ankangodzaza n'kuwala, kenako misozi n'kumatsika mwaulemu mpaka kukanyowetsa m'mphepete mwa hijabu. Ukamuona unkalakalaka utamupepesa ngakhale usanamulakwire.

"Pepani chemwali, mukutaya katundu."

Munira anatembenuka. Anali mnyamata wamtali, wandevu zosamalidwa bwino, malaya oyera ngati akupita kumzikiti Lachisanu, kumsana atabereka chikwama cha laputopu.

"Katundu wanji?" anafunsa akuyang'ana pansi.

"Misoziyo. Zinthu zamtengo wapatali chonchi sataya pa Park Station, anthu aponda."

Munira anaseka masaya akadali onyowa. Chichewa cha mnyamatayo chinali ndi kamchere ka Chiyao, ndipo munthu amene wangotsala yekha m'dziko la eni, kamchere kotere kamamufika pamtima msanga.

"Ndine Tawakali, wa ku Namwera. Ndikuperekezeni mukakwere tekisi? Kunoku atsotsi amakonda anthu olira."

Ali m'njira, Munira anafunsa ntchito imene ankagwira.

"Ndili ndi sitolo."

"Ili kuti?"

Tawakali anasisita chikwama chake. "Ili umu. Ndimagulitsa mphete, mikanda ya m'khosi ndi mawotchi, koma katunduyo sindimugwira n'komwe. Ndimangoika zithunzi pa intaneti. Munthu akaoda n'kulipira, ine ndimauza ogulitsa a ku China, iwo amamutumizira mpaka pakhomo. Changa ndi kaphindu ka pakatipo."

"Ndiye mumagulitsa chinthu choti mulibe?"

"Ndiye bizinesi ya masiku ano imeneyo, chemwali."

Munira anaseka n'kupereka nambala. Funso labwino ngati limenelo analisiya pomwepo pamsewu!

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Munira inasiya kugona. Iye ankakhala m'kachipinda ka kuseri ku Bertrams, ndipo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Mayfair. Asanafike pa renki ya matekisi m'mawa, uthenga unali utalowa kale.

"Wadzuka bwanji, duwa la ku Ntaja? Dzuwa la Joni likudikira iwe kuti lituluke."

Masana akukolopa, wina.

"Ndinabwera kuno kudzasaka ndalama, koma ndatola chinthu choti ndalama sizingagule. Wadya, wapamtima?"

Ndi mtsikana uti amene sangasungunuke? Kuntchito ankamuitana kuti "iwe", m'tekisi ankamukalipira akachedwa kuyankha Chizulu. Munthu mmodzi yekha mumzinda wonsewo ndi amene ankamufunsa ngati wadya.

Ofesi ya Tawakali, ngati tingaitchule ofesi, inali kampando ndi katebulo kuseri kwa saluni ina m'tauni. Mwini saluniyo anali Millicent, mkazi wa zikhadabo zazitali zopaka ndi pakamwa posatopa.

"Uyu ndi msuweni wanga," anatero Tawakali tsiku loyamba. "Mwana wa azakhali anga amene anakwatiwa kwa Akhirisitu ku Balaka. Sitoloyi imayendera khadi lake la kubanki, poti iye mapepala ake ndi abwinobwino."

"Msuweni chiyani! Ine ndine mkazi wake wamkulu," anatero Millicent akumukoka khutu Tawakali. "Iwe ukhala wachiwiri. Uzinditungira madzi osamba, wamva?"

Onse anaseka, Munira naye anaseka. Nanga chachilendo chinali chiyani? Kwathu konse asuweni amaitanana mkazi ndi mwamuna, amatsinana, amalandana chakudya pakamwa, ndipo palibe amatembenuka. Iyenso anali ndi msuweni wake ku Ntaja amene ankamuopseza ndi ukwati kuyambira ali wosavala nsapato.

Koma sitolo ija siinkayenda. Lamlungu lililonse Munira akapita, ankamupeza Tawakali atagwira mutu, maso ali pa laputopu.

"Eish, bebi, zandivuta. Sitolo ya pa intaneti ili ngati okala yomangidwa pakati pa tchire. Ngati sulipira kuti anthu aziiona, palibe angadziwe kuti iliko."

"Umalipira ndani?"

"Eni masamba a mchezowa. Timati kubusita. Umawapatsa ndalama kuti aziwaonetsa anthu chithunzi chako akamasewera pafoni. Munthu akangodina, ndalama yachoka, kaya wagula kaya sanagule. Ndimagona khadi lili ndi kanthu, ndikadzuka mulibe, oda ndi imodzi yomwe ayi."

Munira anamva chisoni. Mwezi utatha, anapatula gawo la malipiro ake n'kumufumbatitsa.

"Tibusite, dali."

Tawakali anapsompsona dzanjalo. "Mkazi ngati iwe amabadwa kamodzi. Ndikulonjeza, Munira, tsiku lina udzakhala pampando uku atsikana ena akukuchapira."

Kenako, pofuna kudzionetsa kuti ndi dolo, anamufotokozera kachinsinsi kena ka ntchitoyo.

"Ukudziwa, munthu akangolowa m'sitolo mwangamu kamodzi, zotsatsa zanga zimayamba kumutsatira ngati galu wa pakhomo. Akatsegula foni, ndili pomwepo. Amene amalowa kawirikawiri ndi amene amayamba kuziona."

"Ndiye ine zizinditsatira mpaka kumanda," anatero Munira, "chifukwa ndizilowamo tsiku ndi tsiku."

Tawakali anaseka, koma maganizo ake anali atabwerera kale pa laputopu.

Mwezi wa Okutobala utafika, mitengo ya jakaranda inachita maluwa, misewu ya ku Kensington n'kuyala kapeti wa pepo. Lamlungu lina Tawakali anamuuza kuti avale hijabu yake yoyera, akapitidwe mphepo. Millicent naye anabwera, akuti akufuna kujambula zithunzi za maluwa.

Atafika pansi pa mtengo wina waukulu, pafupi ndi mpanda wa njerwa zofiira, Tawakali anaima. Anamuyang'ana Munira m'maso, n'kugwada bondo limodzi. M'manja mwake munali kabokosi.

"Munira, ine ndilibe galimoto, ndilibe nyumba. Chimene ndili nacho ndi mtima umodzi, ndipo ndatopa kuunyamula ndekha. Undilandire."

Munira anakumbukira mayi ake, anakumbukira kachipinda kozizira ka ku Bertrams, anakumbukira masiku onse amene anadziona ngati chinthu chotayika. Maso anadzaza, n'kuwala, misozi n'kuyamba kutsika mwaulemu muja. Duwa limodzi linagwera paphewa pake pamene mphete inkalowa ku chala.

"Eya," ananong'ona. "Eya, Tawakali."

"Mayo ine, mlamu!" anakuwa Millicent foni ili m'mwamba. "Ndajambula zonse. Chikumbutso chimenechi!"

Madzulo ake asanasiyane, Tawakali anamuonera kanemayo kambirimbiri. Kenako anamugwira dzanja.

"Wapamtima, ndikupemphe kanthu. Mphete imeneyi ndi ya m'sitolo mwathu. Anthu atangomuona kanemayu, angagule. Undilole ndimubusite."

Munira anadzidzimuka. "Nkhope yanga pa intaneti? Amalume sakudziwa, amayi sakudziwa. Akandiona ati chiyani?"

"Kwa masiku ochepa chabe. Ndalama zake ndi zimene timangire ndowa, ukwati wathu wa kumzikiti. Kodi sukufuna tikhale m'nyumba imodzi?"

Ankafuna. Ankafuna kwambiri moti analola.

Abale inu, kanemayo anayaka ngati moto wa m'chilimwe. Laputopu ija, imene inkangokhala duu miyezi yonseyi, inayamba kulira ngati belu la kusukulu. Ngili, oda ya ku Durban! Ngili, ya ku Polokwane! Akazi ankalemba m'munsi mwa kanemayo kuti nawonso alira. Amuna ankaoda mphete yomweyo kuti akalize nayo zibwenzi zawo.

Sipanapite nthawi, foni ya Munira inaitana. Anali amalume ake, a Maulidi, amene ankasoka zovala ku Fordsburg.

"Iwe Munira! Zimene andionetsa anzanga potuluka kumzikiti n'zoona? Mwana wa mlongo wanga kuvekedwa mphete pamsewu, dziko lonse likuonerera, ife eni mbumba osadziwa kanthu?"

"Pepani amalume, munthuyo ndi wabwino. Abwera kudzakuonani."

"Abwere msanga. Dzina la mtsikana ndi dzira, likagwa silitoleka."

Tawakali anapitadi. Anavala mkanjo ndi kachisoti, ananyamula shuga ndi mafuta ophikira, n'kukakhala pansi penipeni, manja ali pamaondo. Anapepesa ndi mawu ofewa, anatchula mudzi wake ndi mayina a akuluakulu akwawo, n'kulonjeza kuti Ramadani ikangotha amanga ndowa. A Maulidi, munthu wovuta uja, anamuperekeza mpaka pageti akumutchula kuti mkamwini.

Nkhani inafika ku Ntaja tsiku lomwelo. Mayi a Munira anatumiza uthenga wa mawu, kumbuyo kukumveka nthungululu.

"Mwanawe, kanema wako tamuonera mudzi wonse mpaka foni kuzima! Ndayamba kale kusunga mpunga, nkhuku sindikugulitsanso. Wandivula manyazi, mwana wanga."

Munira anaumvera uthengawo akumwetulira yekha. M'mawa uliwonse, asanapite kuntchito, ankatsegula sitolo ija pafoni pake n'kudziyang'ana ali pansi pa jakaranda. Bandulo inkatha, iye analibe nazo ntchito.

Chala chokha n'chimene chinayamba kudandaula. Pansi pa mphete paja panayamba kubiriwira, n'kumayabwa akachapa.

"Ndi sopo wa kuntchito kwakoyo," anatero Tawakali. "Golide sagwirizana ndi sopo wotchipa."

Mauthenga nawo anayamba kufupika. Duwa la ku Ntaja linasanduka "bebi", bebi n'kusanduka "shapu". Munira ankadziuza kuti munthu watanganidwa ndi maoda. Si zimene ankapempherera?

Chaka chatsopano chitalowa, belu lija linayamba kulira mwa apo ndi apo. Tawakali anayambanso kugwira mutu.

"Anthu atopa naye kanemayu. Amuona kokwanira. Pano kuti munthu mmodzi agule, ndikulipira ndalama zoti kale zinkabweretsa anthu gulu. Tikufunika wina watsopano."

Anamukhazika Munira pampando wa mu saluni, n'kumupatsa mkanda wa m'khosi. Millicent anakonza nyali, foni ili m'manja.

"Ndikamakuveka, ulire ngati tsiku lija," anatero Tawakali.

Munira anayesa. Anaphethira, anaganiza za maliro a agogo ake, koma akangomuyang'ana mwamuna wakeyo, kumwetulira kunkabwera kokha.

"Sizikutheka, dali. Ndilire bwanji ndili wosangalala?"

"Yesanso."

Anayesanso, n'kuphulika kuseka.

Tawakali anamenya tebulo. "Lira, iwe! Chovuta n'chiyani? Pa Park Station unkalira bwanji popanda wokuuza?"

Munira anali asanamvepo mawu amenewo pakamwa pamene pankatuluka uchi. Maso anadzaza.

"Ndi imeneyo, jambula!" anatero Tawakali.

Millicent anayang'ana pafoni n'kupukusa mutu. "Hayi, iyi ndi ya mantha. Siingagulitse."

Pobwerera ku Bertrams uthenga unalowa. "Pepa mfumukazi yanga, ndi nkhawa chabe. Ndikuchitira ife." Munira anakhululuka asanamalize n'kuwerenga komwe. Chikondi chikakugwira, umamupepesera wekha munthu amene wakulakwira.

Choonadi chinamupeza masana ena, ali kuntchito. Anali atamaliza kusita, atakhala pakhonde la kuseri ndi kapu ya tiyi, akuyendetsa chala pafoni. Mwadzidzidzi panatulukira chotsatsa cha sitolo ija. Mtengo wa jakaranda, mpanda wa njerwa zofiira, malaya oyera. Munira anamwetulira, akudikira kuti adzione.

Koma Tawakali wa mu kanemayu analibe ndevu. Ndipo dzanja limene analigwira linali la zikhadabo zazitali zopaka.

"Millicent, ine ndilibe galimoto, ndilibe nyumba. Chimene ndili nacho ndi mtima umodzi, ndipo ndatopa kuunyamula ndekha. Undilandire."

Kapu inagwa n'kusweka.

Anamubwezera kanemayo. Mawu omwewo, bondo lomwelo, kabokosi komweko. Millicent anaphimba pakamwa n'kukuwa mokokomeza ngati wa m'sewero la kusukulu, kenako awiriwo anapsompsonana. Kupsompsonana kumeneko sikunali kwa chisuweni.

Chikuchitika n'chiyani? Chimudziwireni Tawakali, jakaranda anali atachita maluwa kamodzi kokha, ndipo ndevu anali nazo kuyambira tsiku loyamba. Ndiye kuti kanemayu anajambulidwa iye asanaoneke n'komwe?

Sanatsanzike kwa abwana. Anangovula epuloni n'kuthamangira tekisi ya m'tauni.

Mu saluni munalibe kasitomala. Kuseri kwa katani, Millicent anali atagona pasofa, miyendo itasanjikidwa pa ntchafu za Tawakali, iye akumusisita mapazi. Munira anali atawaonapo chonchi kangapo konse, n'kumaseka nawo. Lero ndi pamene anaona kuti diresi la Millicent layamba kuthina pamimba.

Anaika foni patebulo, kanema akusewera.

Tawakali anayang'ana, nkhope n'kugwa. Koma sikunali kugwa kwa manyazi. Kunali kwa munthu amene waiwala kutseka chitseko.

"Eish. Wakupeza bwanji ameneyu?"

"Unandiuza wekha kuti amayamba kuona ndi amene amalowa m'sitolo kawirikawiri. Alipo amalowamo kuposa ine?"

Millicent anaseka osadzuka n'komwe. "Ndinakuuza kuti usamuyatsenso kanema wakaleyo. Sanagulitse nthawi ija, agulitsa lero?"

"Ndimangoyesa! Wa uyu wakwera mtengo, ndimati mwina anthu akaona nkhope ina adina."

Ankakambirana ngati Munira palibe, ngati akukambirana za mtengo wa tomato.

"Tawakali," anatero Munira, "uyu ndi ndani wako?"

Anayankha ndi Millicent. "Sisi, ine ndinakuuza tsiku loyamba kuti ndine mkazi wake. Tsiku lililonse ndimamuitana mwamuna wanga iwe uli pomwepo. Ndinakunamiza liti? Za chisuwenizo unazikonda wekha."

"Ndiye si msuweni wako?"

"Ku Balaka sindinapondeko n'komwe. Kwathu ndi ku Mulanje."

Munira anayang'ana mwamuna uja amene anakhala pansi pamaso pa amalume ake, atavala mkanjo.

"Chifukwa chiyani? Ndinakulakwira chiyani ine?"

Tawakali anapumira m'mwamba, ngati mphunzitsi amene watopa ndi mwana wosamva.

"Palibe chimene unalakwa. Tamvera, Munira, usazitengere pamtima. Tinajambula ndi Millicent, tinabusita mpaka saluni inatsala pang'ono kutsekedwa, palibe anagula. Anthu si opusa, amadziwa kulira kwa sewero. Tinaona kuti pakufunika munthu woti alire zenizeni."

"Ndiye unabwera pa Park Station..."

"Kumene anthu amalira ndi kuti? Ndinazungulirapo masiku ambiri. Ena ankalira monyansa, ena anali achikulire. Nditakuona iwe ndinadziwiratu kuti ndapeza."

Mayo! Ndiye kuti mawu oyamba aja, a katundu wamtengo wapatali, sanali nthabwala ya chikondi. Munthu ankanena za malonda.

"Ukanangondipempha," anatero Munira. "Ukanandiuza kuti ndi ntchito, ndikanakuthandiza."

"Ukanadziwa sukanalira choncho. Waona wekha tsiku lija, unkangoseka."

"Nanga amalume? Nanga amayi anga amene akusunga mpunga? Mudzi wonse ukudikira ndowa, Tawakali!"

"Amalume akowo akanachita phokoso kanema asanabweze ndalama. Ndinayenera kuwaziziritsa. Za kumudzizo uwauze kuti zinakanika. Zibwenzi zimatha tsiku ndi tsiku."

Munira anakoka mphete ija. Inakanirira pa chala chotupacho, koma anaikoka mpaka khungu linasupuka, n'kuiponya patebulo. Inalira ngati chitsekerero cha botolo.

"Muchotse kanema wanga. Lero lomwe."

"Zimenezo ndiye ayi," anatero Millicent akudzuka tsopano. "Ngakhale wakwera mtengo, ndi yekhayo amene akubweretsabe kanthu. Mwana akubwerayu adya chiyani? Unalola wekha, mauthenga ako tili nawo."

"Ndikakusumirani."

"Kuti? Kupolisi?" Tawakali anafunsa modekha, ndi mawu omwe aja ankamufunsira ngati wadya. "Ndi pasipoti yako yoti masiku anatha kalekale ija? Usadzipweteke, bebi. Akakutsekera iweyo, ife tili pano."

Chinsinsi chimenechi Munira anamuuza yekha, tsiku lina atatsamira paphewa pake.

Maso ake anayamba kudzaza. Anamva misozi ikubwera, ndipo nthawi yomweyo anaona dzanja la Millicent likufufuza foni pasofa. Anaimeza. Anatembenuka n'kutuluka, katani ikugwedezeka kumbuyo kwake.

Mu tekisi ya ku Bertrams anakhala pakona, mutu atatsamira windo. Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa mayi ake. Anauika pakhutu.

"Mwanawe, nsalu ya paukwati tasankha ya mtundu wa maluwa a mu kanema aja. Azimayi onse agula, atelala ayamba kale kudula. Umufunse mkamwini kuti akwawo abwera angati, tisachite manyazi ndi chakudya."

Munira anatsitsa foni pang'onopang'ono. Ayankha chiyani? Ayambira pati? Kwa amalume akalowa ndi nkhope iti?

Mtsikana amene anakhala pambali pake anali akumuyang'anitsitsa kuyambira pa renki. Kenako anamugwira pamkono, n'kuyankhula Chichewa.

"Pepani asisi, si inu a mu kanema wa mphete uja?"

Munira anatembenuzira nkhope kuwindo.

"Ndinu nomwe! Mayo ine, ndinalira nditakuonani! Ndinamuuza wanga kuti ngati sandifunsira ngati mmene anachitira amuna anuwo, asandiyankhulenso. Taonani, anandigulira yomweyo!"

Anatambasula dzanja monyadira. Mphete inali kung'anima, yatsopano, isanayambe kubiriwitsa chala.

"Muli ndi mwayi, asisi. Amuna otero kulibe masiku ano. Ukwati ndi liti? Dikirani, tijambulitse, anzanga sakakhulupirira!"

Foni inakwera m'mwamba. Munira anadziona pagalasi lake, maso atadzaza, akuwala, okongola ngati tsiku lija.

Anagwira nsonga ya hijabu n'kudziphimba nkhope yonse. Ndipo m'kati mwa nsaluyo, mmene munalibe womuona, analira monyansa ngati wina aliyense.